Mitsempha yopanikizika, magazi atulukira pati?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Chaka chatha achimwene ake anauzidwa kuti mitsempha yopititsa magazi ku ubongo inapanikizika, ndipo anapatsidwa asipirini. Pano agonekedwa, akuti magazi atayikira mozungulira ubongo. Mayiwa akufunsa: "Magazi ankachita kuvutika kudutsa, nanga atuluka bwanji?"

Mayi, ziwirizi zimatha kuyendera limodzi. Mtsempha waukulu ukapanikizika, thupi limakulitsa timitsempha tam'mbali kuti magazi azilambalala. Timitsemphati n'topyapyala, ndipo timasenza katundu woposa msinkhu wake. Zili ngati kulumikiza kapaipi kothirira kudimba ku paipi ya madzi otsetsereka m'phiri la Mulanje: tsiku lina kamaphulika basi. Magaziwo amatha kulowa mu ubongo mwenimwenimo, kapena kuyenderera m'madzi amene ubongo umakhalamo.

Pali matenda otchedwa moyamoya, amene anayamba kufotokozedwa ku Japan, omwe amachita zimenezi kwambiri mwa akuluakulu. Koma ndi osowa. Kwathu kuno woyamba kumukayikira ndi BP, limodzi ndi shuga ndi fodya. BP yokwera imakhuthalitsa khoma la mtsempha kwinaku ikulifooketsa.

Asipirini sabowola mtsempha, koma amachedwetsa magazi kuundana, ndiye pakang'ambika amatuluka nthawi yaitali. Apa m'pamene ndimada nkhawa ndi chizolowezi chathu chothamangira ku golosale kukagula asipirini munthu akapindika pakamwa. Sitiroko yotsekeka mtsempha ndi yophulika mtsempha zimafanana pamaso. Chozisiyanitsa ndi makina ojambula m'kati mwa mutu otchedwa CT scan, ndipo odwala a ku Thyolo ndi Mulanje amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Zoti achimwene adzayambirenso asipirini kapena ayi, asankhe ndi dokotala, osati abale pakhonde.

Magazi akatayikira mozungulira ubongo, mutu wake sumayamba pang'onopang'ono ngati wa malungo. Umangoti pha! nthawi imodzi, khosi n'kuuma, kusanza, maso kukana kuwala. Ukatero, pezani galimoto, musadikire kuche.

Chinanso, musafulumire kupempha kuti atulutsidwe poona kuti ayamba kulankhula ndi kumwa phala. Pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, magazi otayikawo amatha kuchititsa mitsempha kukhwinyata n'kubweretsa sitiroko yachiwiri. N'chifukwa chake ena amapatsidwa mankhwala otchedwa nimodipine kwa masiku 21. Wodikirira akaona kuti odwala akugona mopitirira, akusokoneza mawu, kapena dzanja lalefuka, aitane namwino pompopompo, ngakhale ndi pakati pa usiku.