Bambo a ana asiya kulipira mentenensi, nditumize wotolera ngongole?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dzivarasekwa mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe, dzina sinditchula. Akuti ukwati unatha ku High Court mu 2022, khothi linagamula kuti bambo a ana azipereka US$90 pamwezi ya ana awiri, analipira miyezi ingapo kenako zii, pano yakwana miyezi 14. Ankhoswe akhalirapo kawiri, mameseji a pa WhatsApp bamboyo akungowerenga osayankha, ndiye mnzawo wawalozera munthu wina wotolera ngongole yemwe akuti akaitenga ndalamayo koma adulapo yake. Funso lawo ndi loti amupatse ntchitoyi kapena ayi.

Achemwali, musamupatse. US$1,260 imeneyo ndi ya ana anu, ndi fizi, nsapato ndi ufa womwe mwakhala mukugula nokha mwina mochita kukongola, palibe chifukwa choti munthu wakunja adyepo. Komanso wotolera ngongole alibe mphamvu yolanda katundu wa munthu, chomwe angathe ndi kuimba foni ndi kuopseza basi, ndipo akakachita zachiwawa dzina lomwe likatchulidwe kupolisi ndi lanu. Amene amanyamula katundu mwalamulo ndi Messenger of Court, mtumiki wa khothi la majisitireti, atatumidwa ndi khothi.

Pepala lachigamulo lomwe mwasunga m'chikwama lija ndi lamphamvu kuposa anthu onsewa, kungoti silidziyendera lokha. Lamulo lake ndi Maintenance Act, Chapter 5:09, ndipo nkhani za mentenensi zimayendetsedwa kukhothi la majisitireti. Poti chanu chinachokera ku High Court, pitani nacho kwa kalaliki wa khothi la mentenensi akachilembetse kumeneko, mukatero chimagwira ntchito ngati chatuluka pomwepo. Loya siwofunikira kwenikweni. Tengani chigamulocho, mapepala akubadwa a ana, chitupa chanu, sitetimenti ya EcoCash (ndalama za pafoni) kapena ya kubanki, ndi pepala lomwe mwalembapo mwezi ndi mwezi, uwu analipira zingati, uwu sanalipire. Apa ndimalimbikira kwambiri chifukwa amayi ambiri amafika ndi mkwiyo wokhawokha opanda mafigala, bamboyo nkungoimirira nkunena kuti ndinkapereka pamanja, nkhani nkuyamba kuvuta.

Mwanena kuti bambowo ali pantchito pakampani ina. Pamenepo ndiye pabwino, pemphani ganishi oda, ndiko kuti khothi lilamule abwana awo kuti azidula ndalamayo pamalipiro isanafike m'thumba mwawo, ndipo mukhoza kupempha kuti azidulanso kagawo ka ngongole yakaleyo mpaka ithe. Akakhala aphunzitsi, anesi kapena ena a m'boma, imadulidwa ku Salary Service Bureau, ofesi yoona za malipiro a ogwira ntchito m'boma. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imathetsa kupemphetsa kwa mwezi ndi mwezi kuja, kumene kumamutopetsa munthu mumtima kuposa umphawi weniweniwo.

Amene amuna awo akale amadzigwirira okha, kaya kumsika wa Siyaso kaya ku Mbare Musika, palibe peyisilipi yoti nkudula, ndiye kumatsala kulanda katundu kapena kukamang'ala. Kusalipira mentenensi yomwe khothi linagamula ndi mlandu pansi pa gawo 23 la lamulo lomweli ndipo munthu atha kukhala kundende mpaka chaka chimodzi, ngakhale nthawi zambiri majisitireti amaimika chilangocho nkumupatsa tsiku loti akhale atalipira. Ndikudziwa zomwe zidzayankhulidwe kutchalitchi ndi kwa apongozi, adzati mukufuna kumangitsa bambo wa ana anu, ife a kwathu ku Malawi sititero, tiyeni tikambirane pachibale. Koma pachibale mwakambirana kale kawiri, ndipo miyezi 14 yonseyi palibe mwa iwo anabwera ndi thumba la ufa. Ine sindifuna kuona bambo aliyense ali kundende, ali mkatimo sangapezenso ndalama, koma kuthawa samani kwa munthu amene amalandira malipiro mwezi uliwonse sindingakuikire kumbuyo.

Bamboyo akadzati ntchito inavuta kapena ali ndi banja lina, zimenezo akanene kwa majisitireti, lamulo limawalola kupempha kuti ndalamayo itsitsidwe, koma chigamulo chisanasinthidwe US$90 ikuwerengedwabe. Inunso muli ndi ufulu wopempha kuti ikwere fizi ikakwera. Izi zikukhudza kwambiri amene zigamulo zawo ndi za 2019 isanafike, zomwe ndalama zake zinasanduka RTGS, ndalama ya Zimbabwe ya nthawiyo, nkutha mphamvu, kenako mu 2024 kunabwera ndalama ina ya ZiG, ambiri akungosunga pepala lomwe ndalama yake singagule ngakhale buledi, bwererani kukhothi akalikonze.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musawakanize ana kuonana ndi bambo awo pofuna kubwezera. Kukhothi zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo mukatero mwawapatsa chonamizira. Akabweretsa magolosale landirani, koma musasainire pepala lililonse loti ngongole yatha, ndipo ya pamanja iliyonse muzilemberana.

Mukasowa wokuthandizani kulemba afidaviti, kuli Legal Aid Directorate ya boma, kuli Zimbabwe Women Lawyers Association ndi Legal Resources Foundation, onsewa ali mu Harare momwemuno ndipo amathandiza anthu osowa ndalama ya loya. Kwerani kombi yam'mawa chifukwa mzere kwa kalaliki umatalika, mapepala onse muchite fotokope kawiri, ndipo mukapatsidwa nambala ya fayilo muilembe penapake poti singasowe. Mukadzapatsidwa tsiku la mlandu mundilemberenso.