Kwa mlangizi si kubwalo la milandu

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri. Anthu amatiyamikira kuti ndife banja lodekha chifukwa m'nyumba mwathu simumveka phokoso, koma zoona zake n'zakuti ine ndi amuna anga tinasiya kulankhulana kalekale. Timakambirana za ana ndi za ndalama basi. Ndikangoyamba nkhani ina, amatenga foni n'kutuluka panja. Mwezi wathawu ndinawauza kuti ndatopa, ndipo anavomera kuti tikaonane ndi mlangizi wa za maganizo, ngakhale ananena kuti kumeneko n'kwa anthu ozungulira mutu. Tsiku atipatsa kale, koma tsopano amene wagwidwa mantha ndine. Ndalemba m'kabuku zonse zimene anandilakwira kuti ndikawerenge kumeneko. Kodi mlangiziyo akawauza kuti olakwa ndi iwo? Nanga akandiuza kuti ndithetse banja pomwe ine sindikufuna? Palinso nkhani ina yakale imene amuna anga sakuidziwa. Ndikaiulula kumeneko, siidzawapeza? Ndithandizeni.

Mayi wa nkhawa

Mwana wanga,

Kabukuko musakataye, koma musakakawerenge ngati mlandu. Mukapita ndi mtima woti mlangizi akagamule kuti wolakwa ndani, mukabwerako mutakhumudwa, chifukwa imeneyo si ntchito yake. Banja likabwera, mlangizi wodziwa ntchito amayang'ana zimene zimachitika pakati pa awiriwo: inu mukayamba nkhani, abambo amathawira panja, akathawa, inu mumapsa mtima n'kuiyambanso mawa ndi mawu olemera, mawu akalemera, iwo amathawa msanga kuposa dzulo. Ndani anayamba? Mwina palibe amene akukumbukiranso. Mlangizi amafuna kuti nonse muone mmene zimazungulirira. Ndikuchenjezeni lerolero kuti akakufunsani inuyo mafunso amene simudzawakonda, monga akuti mumayamba bwanji nkhaniyo, nthawi yanji, ndi liwu lotani.

Tsiku loyamba silikhala ndi zodabwitsa. Nthawi zambiri kukumana kumodzi kumatenga mphindi 50 kapena ola limodzi, ndipo kwa banja ena amawonjezera nthawi. Mukafika mwina adzakupatsani mapepala oti mulembepo ndi kusainira, ofotokoza mmene amagwirira ntchito. Kenako mafunso: chakubweretsani n'chiyani, vutoli linayamba liti, munakumana bwanji, mumagona bwino, mumadya bwino, pali amene amamwa mowa kwambiri, pali matenda kapena mankhwala amene mukumwa, makolo anu ankakangana motani. Ena amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9, lofunsa mmene mwakhala mukumvera pa masabata awiri apitawa, pofuna kuona ngati pali matenda ovutika maganizo. Adzafunsanso mosabisa ngati wina anaganizapo zodzipha ndiponso ngati m'nyumbamo mumachitika nkhanza. Musadabwe kapena kuona ngati akukukayikirani. Amafunsa aliyense.

Mudzaona akulemba pang'ono pakapepala, ndipo nthawi zina adzakhala chete n'kumangokuyang'anani mutamaliza kulankhula. Chete ameneyo amasowetsa mtendere, munthu amayamba kuyang'ana nsapato zake. Musafulumire kumudzaza ndi nthabwala. Kawirikawiri mawu enieni amatuluka pamenepo. Mukalira, lirani, m'zipinda zimenezo misozi ndi ya tsiku ndi tsiku.

Tsopano nkhani yanu yakaleyo, ndipo apa mumvetsere bwino. Mlangizi ali ndi udindo wosunga chinsinsi: sangakauze abale anu, abwana anu kapena anzanu zimene mwanena. Malire ake alipo, ndipo ayenera kukuuzani pa tsiku loyamba. Akaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena kuti mwana akuchitiridwa nkhanza, angathe kuuza oyenera, ndipo m'mayiko ambiri khoti likhoza kulamula kuti zolemba zake ziperekedwe. Koma chinsinsi cha pakati pa inu ndi amuna anu ndi nkhani ina. Alangizi ambiri a mabanja amakumana ndi aliyense payekha kamodzi poyamba, ndipo amasiyana kachitidwe. Ena amasunga zimene mwawauza muli nokha. Ena amanena poyera kuti sasungira mmodzi chinsinsi chimene chikukhudza banjalo, ndipo adzakulimbikitsani kuti muchiulule nokha. Choncho musanatsegule pakamwa, funsani kuti: "Ndikakuuzani kanthu ndili ndekha, kadzafika kwa amuna anga?" Ndi funso labwinobwino, amalimva kawirikawiri. Mukaona kuti yankho silikukupatsani mtendere, nkhaniyo kakambiraneni ndi mlangizi wina amene ndi wanu nokha. Maganizo anga ndi akuti ngati nkhaniyo ndi imene ikukulemerani usiku, ndi mbali ya chete wa m'nyumba mwanuyo, ndipo si abambo okha amene akuthawa kulankhula. Koma kuulula kapena kusaulula, ndiponso tsiku lake, zili m'manja mwanu.

Zoti akakuuzani kuti muthetse banja, mtima ukhale pansi. Mlangizi wabwino sakusankhirani. Kuyambira m'ma 1940 ndi 1950, katswiri wa ku America Carl Rogers anaphunzitsa kuti wobwera kudzathandizidwa ndiye mwini moyo wake, ndipo mlangizi amamvetsera popanda kuweruza. Mfundo imeneyi inalowa m'maphunziro a alangizi ambiri mpaka lero. Mukanena pa tsiku loyamba kuti cholinga chanu n'kukonza banja, ntchito idzayambira pamenepo. Pokhapokha ngati pali kumenyana kapena kuopsezana m'pamene zinthu zimasintha, chifukwa munthu sangalankhule momasuka pamaso pa amene amamuopa, ndipo zimene wanena zikhoza kumubwerera kunyumba. Zikatero, chitetezo chimayamba ndipo uphungu wa awiri pamodzi umaimitsidwa. Simunatchule zotere m'kalata yanu, koma ngati zilipo, mukanene muli nokha.

Kutuluka panja ndi foni kuja alangizi amakudziwa bwino. John Gottman, amene anafufuza mabanja kwa zaka zambiri ku University of Washington, anatchula makhalidwe anayi amene amagwetsa banja: kudzudzula munthu m'malo mwa chimene wachita, kunyoza, kudziikira kumbuyo, ndi kutseka pakamwa n'kuchokapo. Anapeza kuti choopsa kwambiri pa zinayizi ndi kunyoza. Anaonanso kuti ambiri amene amatseka pakamwa si kuti alibe nazo ntchito; mtima umakhala ukugunda kwambiri moti mutu sukugwiranso, ndiye amathawa. Sindikuwaikira kumbuyo amuna anu ayi, kusiyidwa ukulankhula kumapweteka. Ndikungoti mwina mudzamva kuchokera pakamwa pawo chifukwa chimene simunachiganizirepo.

M'kabuku kanu, sankhanimo zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zimakuwawani koposa, ndipo pafupi ndi chilichonse lembani chimene mukufuna kuti chisinthe. "Mumandinyalanyaza" ndi mlandu, munthu amangoukana. "Ndikufuna tizikhala pansi madzulo osagwira foni" ndi chinthu chimene angathe kuvomera kapena kukambirana.

Musayembekezere kuti mukatuluka tsiku loyamba mudzabwerera mutagwirana manja. Ambiri amabwerako atatopa, ena amakangana m'njira momwemo, ndipo masabata oyamba zinthu zikhoza kuoneka ngati zaipirapo. Mukasesa pansi pa bedi pamene papita zaka, fumbi limayamba labuka kaye. Anthu ambiri amasiyira pamenepa n'kumati uphungu sugwira ntchito. Nthawi zambiri mumakumana kamodzi pa sabata, ndipo zimatenga miyezi. Ngakhale njira zofulumirirapo, monga CBT imene Aaron Beck anayambitsa m'ma 1960 yothandiza munthu kuona mmene maganizo ake amakhudzira zochita zake, zimafuna kukumana kangapo ndithu, kawirikawiri pakati pa ka 5 ndi ka 20. Adzakupatsaninso zokachita kunyumba, mwina kumvetserana kwa mphindi 10 popanda kudulana mawu. Zimaoneka zachibwana mpaka mutaziyesa n'kuona kuti mphindi 10 n'zazitali bwanji.

Inunso muli ndi ufulu womuyesa mlangiziyo. Kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti kugwirizana kwa mlangizi ndi amene akuthandizidwa kumakhudza kwambiri zotsatira zake. Mufunseni kumene anaphunzira, ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchitoyi, ndi ngati anazolowera kuthandiza mabanja. Mukakumana katatu kapena kanayi n'kuona kuti amakondera mbali imodzi, kaya ndi yanu yomwe, kapena amalankhula yekha ola lonse, kapena amakunyozani, nenani, ndipo zikapanda kusintha funani wina. Amene angayambe kukufunani chibwenzi kapena kukuimbirani usiku nkhani zosakhudza uphungu waphwanya malamulo a ntchito yake, mumusiye tsiku lomwelo n'kukamunena kumene amalembetsa.

Za anthu ozungulira mutuzo, musalimbane nawo abambo. Auzeni chabe kuti dokotala wa matenda a maganizo amene amalemba mankhwala ndi wina, ndipo kumene mukupitako ndi kokambirana. Munthu amene amathawa nkhani koma wavomera kukakhala ola lathunthu m'chipinda chokambiramo nkhani wachita chinthu chachikulu, ndipo mukawauza kuti mwachiona, zidzawapeputsira ulendowo. Akasintha maganizo m'mawa wa tsikulo, musawakokere. Imbirani mlangizi, mumufotokozere, n'kufunsa ngati mungabwere nokha.

Azakhali