Kodi ku London amavina pamanda?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku London. Pa kapaki kena m'mbali mwa msewu wa Pentonville ndinaona ana akudumphadumpha pa chinthu chooneka ngati bokosi la maliro, icho chikulira ngati mabelu, makolo awo ali mwetumwetu. Pambali pake pali manda. Kwathu sulowa kumanda mfumu isanalole. Kumeneku si kunyoza malemu?
Mayi wa ku Ntcheu, London

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, chimene anawo ankapondacho si manda. Manda enieni ndi aja otchingidwa ndi mpanda wachitsulo. Wagona pamenepo ndi Joseph Grimaldi, katswiri wa zisudzo zoseketsa, wobadwa mu 1778, yemwe anamwalira mu 1837. Ndiye anatchukitsa zodzola nkhope yonse mbuu, moti anzake a ntchitoyi mpaka lero amawatcha dzina lake, Joey.

Chimene munaonacho anachiika mu 2010. Ndi matailosi amkuwa, lililonse ndi kaliridwe kake, ndipo mukawaponda mwandondomeko pamamveka nyimbo imene iye ankaimba. Mabokosiwo alipo awiri. Linalo ndi lokumbukira Charles Dibdin, bwana wake ku nyumba ya zisudzo ya Sadler's Wells.

Ine ndimati anaganiza bwino. Grimaldi anadziphwanya thupi ndi kudumpha komanso kudzigwetsa pofuna kuti anthu aseke. Asanakwane zaka 50 miyendo inali itakana, ntchito n'kuthera pomwepo, ndalama nazo zii. Kumapeto kwake mwini malo amene ankamwerako ankachita kumubereka kumbuyo popita naye kunyumba. Wosauka chonchi chifukwa cha gule, mungamukumbukire ndi nkhope zokwinya? Pajatu ngakhale kwathu maliro a munthu wa gule sasowa ng'oma.

Umphawi woterewu sunali wa iye yekha ayi. Ambiri amene ankaimba, kuvina ndi kuchita nthabwala m'maholo a ku Britain ankafa opanda ndi yogulira bokosi yomwe. Ku manda a Streatham Park kuli chipilala cha mayina awo, anthu amene anaikidwa ndi thumba la chithandizo la a zisudzo anzawo, Variety Artistes' Benevolent Fund.

Ngati simuli pa shifiti Lamulungu loyamba la February, funsani za mapemphero omukumbukira omwe amachitika chaka chilichonse kum'mawa kwa London. Oseketsa anthu amalowa m'tchalitchi atavala za ntchito, mphuno zofiira ndi zinsapato zikuluzikulu zomwe.