Funsani za Nyimbo: Kodi chithunzi chingalowe bwanji m'lipenga?

FUNSO: Ndimaimba trombone m'bandi ya malipenga ya kutchalitchi kwathu. Aphunzitsi athu anatimvetsera pa foni nyimbo ina yaitali, n'kutiuza kuti woipeka anaitenga pa zithunzi zakale za ku Japan zoonetsa mapiri ndi nyanja. Ine sindinamvemo phiri kapena nyanja, koma malipenga ndi ng'oma basi. Kodi vuto ndi makutu anga? Nanga bandi yaing'ono ngati yathu ingaikwanitse nyimbo yotere?
Woimba trombone, Kawale, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, makutu anu ali bwinobwino. Chimene chinachitika n'chakuti munamva nyimbo musanaone zithunzi zake, ndiye tiyeni tiyambe ndi zithunzizo.

A ku Japan amazitcha ukiyo-e. Wojambula ankajambula papepala, mmisiri wina n'kusema chithunzicho pathabwa, wachitatu n'kupaka utoto ndi kudinda. Mtundu uliwonse wa utoto unali ndi thabwa lake. Ankadinda zambirimbiri, moti ngakhale anthu wamba ankatha kugula. Akatswiri awiri otchuka pa zithunzi za malo ndi Hokusai, amene anamwalira mu 1849, ndi Hiroshige, amene anamwalira mu 1858.

Simunatchule dzina la nyimboyo, koma ine maganizo anga afika msanga pa Bookmarks from Japan, imene Julie Giroux wa ku America anapekera bandi ya zoimbira zouzira mu 2013. Anapatsidwa mphatso ya timapepala tisanu ndi kamodzi toika m'buku posonyeza pamene walekezera kuwerenga, kalikonse kali ndi chithunzi chake, ndipo kapepala kalikonse kanabala gawo limodzi la nyimboyo. Ziliponso zina. Toshio Mashima wa ku Japan komweko anapeka Mont Fuji atakhudzidwa ndi zithunzi za Hokusai, ndipo Franco Cesarini wa ku Switzerland anapeka Views of Edo kuchokera pa zithunzi za Hiroshige. Edo ndi dzina lakale la Tokyo.

Tsopano tsegulani intaneti mufufuze The Great Wave off Kanagawa, chithunzi cha pa kamodzi mwa timapepala ta Giroux tija, chimene Hokusai anatulutsa cha m'ma 1831. Muona funde lalikulu litatukula mutu, thovu lake lili ngati zikhadabo. Pansi pake pali mabwato atatu, opalasa ataweramira pansi. Chakutali kukuoneka phiri la Fuji, lotalika mamita 3,776, kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, koma pano lachepa kwambiri moti mutha kuliyesa kafunde kena. Amene anaonapo mwera utakwiya ku Senga Bay, asodzi ali pakati pa nyanja, sangafunse kuti mantha ali pati m'chithunzichi. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti fundelo silinagwe. Lakhala lili m'mwamba zaka pafupifupi 200. Wojambula sangaligwetse, koma woimba angathe, chifukwa nyimbo imayenda ndi nthawi. Ndiye pomvetsera musamadikire phokoso la madzi. Mverani mmene tuba ndi trombone zikukwerera pang'onopang'ono kuchokera pansi, mmene zitoliro ndi ma clarinet zikuthamangira pamwamba, ndi pamene ng'oma zikuphulikira. Kulemera kwa funde lija kuli m'manja mwa inu a trombone.

Kenako muone Evening Snow at Kambara cha Hiroshige, chimodzi mwa zithunzi za malo 53 opumulirapo pa msewu wa Tokaido, wochokera ku Edo kupita ku Kyoto. Ndi mudzi wokutidwa ndi chipale chofewa usiku, anthu atatu akuyenda atawerama chifukwa cha kuzizira. Mitundu ndi yochepa, pafupifupi yoyera ndi yotuwa yokha. Chodabwitsa n'chakuti ku Kambara sikugwa chipale chotero kawirikawiri, ndipo ambiri amati Hiroshige anangochiganizira. Nayenso ankapeka. Gawo la Giroux la chithunzichi ndi lodekha, loyenda mwakachetechete, ndipo kwa ine ndi limene limayesa bandi kwenikweni. Mabandi athu kuno anakulira pa perete ndi pa maukwati, pamene woimba mokweza ndiye amatamandidwa. Zimandipweteka ndikaona achinyamata aluso akutha zaka osaphunzitsidwa kuuzira lipenga motsitsa, liwu osanjenjemera.

Pa funso lanu lachiwiri ndiyankha mosapsatira: nyimbo zimenezi, mmene zinalembedwera, simungazikwanitse panopa. Sikuti luso mulibe ayi. Zimafuna gulu lalikulu lokhala ndi zitoliro, oboe, bassoon, ma clarinet ambiri, ma saxophone, ndi anthu angapo a ng'oma zamitundumitundu. Ku Japan zimatheka chifukwa masukulu ambiri a sekondale ali ndi mabandi otere, ndipo chaka chilichonse amapikisana m'dziko lonse. Mukachotsamo zoimbira zimenezi n'kusiya malipenga okha, mitundu ya chithunzi ija imafufutika.

Koma pali zimene mungayambe Loweruka likubwerali. Poti ndinu a kutchalitchi, solofa mukuidziwa. Imbani manoti asanu awa okha: mi, fa, la, ti, do, kukwera ndi kutsika, osakhudza re ndi so. Nyimbo zambiri zakale za koto ndi shamisen, zoimbira za zingwe za ku Japan, zimayenda m'manoti amenewa, ndipo khutu lanu lizindikira nthawi yomweyo kakomedwe kamene munamva pa foni paja. Aliyense agwire noti imodzi kwa nthawi yaitali, motsitsa, mpweya uchokere m'mimba.

Zikakhazikika, apempheni aphunzitsi anu akutengereni ku Bunda m'mawa wa mwezi wa June, nkhungu isanachoke paphiri. Mukabwerako aliyense apeke mizere iwiri ya zimene waona, m'manoti a nyimbo zathu zomwe, ndipo agawire tuba mbali yake, cornet mbali yake. Mukatero mundilembere, ndidzabwera ku Kawale kudzamvera.