Manambala akugundana pophatikiza ma database a nthambi

Achimwene ena andilembera imelo. Amayang'anira pulogalamu ya sitolo ya zipangizo za ulimi yomwe ili ndi nthambi m'tauni ya Zomba, ku Thondwe ndi ku Jali. Poti netiweki imaduladula, nthambi iliyonse ili ndi database yakeyake ya MySQL, ndipo akamaphatikiza malonda Loweruka, malonda a nambala 500 a ku Thondwe amapeza a nambala 500 a ku Jali atakhala kale. Akufunsa kuti primary key, nambala yozindikirira mzere uliwonse m'tebulo, aipange bwanji.

Achimwene, AUTO_INCREMENT, njira yomwe MySQL imaperekera manambala motsatizana, imangodziwa za pakhomo pake. Mungathe kuigawira malire: auto_increment_increment ikhale 10 kulikonse, auto_increment_offset ikhale 1, 2 ndi 3. Zomba izipereka 1, 11, 21, Thondwe 2, 12, 22. Zimatheka ndithu, koma wina akadzaikanso MySQL n'kuiwala mizere iwiriyo, mudzazindikira zinthu zitasakanikirana kale. Zokhala ndi seva imodzi yogawa manambala musaziganize n'komwe: netiweki ikapita ku Jali, malonda aima.

Ine ndikuti tengani UUID. Ndi nambala ya ma bit 128 yomwe kompyuta iliyonse imadzipangira osafunsa inzake. Koma musankhe bwino mtundu. Version 4 ili ndi ma bit 122 achisawawa, pamene InnoDB, gawo la MySQL losunga deta, imasanja tebulo motsatira primary key, ndiye mzere watsopano uliwonse umakagwera pena paliponse ndipo tebulo likakula kulemba kumachedwa. Version 7, yomwe inakhazikitsidwa mu RFC 9562 mu 2024, imayamba ndi ma bit 48 a nthawi, kotero mizere imabwera mondondozana. UUID() ya MySQL imapereka version 1, ndiye version 7 muzipangira m'pulogalamu yanu, n'kuisunga ngati BINARY(16) osati zilembo 36.

Njira ina yopangira manambala, Snowflake ya Twitter ya mu 2010, ndi yaifupi, ma bit 64, koma imadalira kwambiri wotchi. Wotchi ya kompyuta yakale yomwe kabatire kake kanatha imabwerera m'mbuyo magetsi akazima, ndipo kompyutayo ikhoza kubwereza nambala. N'chifukwa chake sindikukulimbikitsani.

Mlimi wogula feteleza musamupatse UUID pa lisiti. Sungani column ina ya anthu, monga JAL-500, ndipo muiike UNIQUE. Mizere yakale ipatseni UUID ndi kukonza ma foreign key ake, manambala a m'matebulo ena oloza mizereyo, ku nthambi komweko musanaphatikize, backup ili kale pambali.