Mawere ndi chimanga chofululira masese: mugule liti, mugule kuti

Mayi wina wa ku Chinsapo mu Lilongwe wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere:

"Ndimafulula masese pakhomo, kawirikawiri a pa zinkhoswe ndi pomanga ziliza za pachibale, komanso kawiri pamwezi ndimaphika ogulitsa. Chimera ndimagula cha m'timbale pamsika ndipo chikundidyera phindu lonse. Ndikufuna ndizigula mawere ndi chimanga pa matumba kuti ndizimeretsa ndekha. Ndingazipeze kuti zotchipa? Wina wandiuzanso kuti ndizigula chimanga chofumbwa kapena chovunda pang'ono poti mowa susankha. Kodi n'zoona?"

Zikomo amayi polemba. Maganizo ogula pa thumba ndi abwino ndipo ndikugwirizana nawo. Koma ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi lomwe landikhudza kwambiri.

Chimanga chovunda musagule, ngakhale akupatseni pa theka la mtengo. Ndikudziwa kuti m'midzi yambiri posankha chimanga pokolola, zitsononkho za nkhungu amaziunjika pambali n'kumati izi ndi za mowa. Chizolowezichi n'chakale, koma n'choipa. Nkhungu ya pachimanga imasiya poizoni, wina mwa iwo ndi chuku, amene akatswiri amati aflatoxin. Poizoni ameneyu safa ndi moto wa pamafuwa. Mutha kuwiritsa phala tsiku lonse mumgolo, iye adakali momwemo, ndipo kusasa kwa mowa sikumuchotsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, mpaka ena kudwala khansa ya chiwindi. Akatswiri a kuno kwathu anayezapo chimera, thobwa ndi masese a m'midzi n'kupezamo poizoni wa nkhungu. Amene amamwa mowa wanu ndi azichimwene anu, apongozi, anansi. Chiwindi chawo chikulimbana kale ndi mowawo, musachisenzetse katundu wina.

Chofumbwa ndi nkhani ina pang'ono. Ngati anankafumbwe angoboola njere zochepa, chimanga chili chouma gwa ndipo sichikununkha chinyontho, mutha kupeta bwino, kugayitsa mgaiwa n'kuphikira phala. Koma mudziwe kuti mukugula mphepo: njere yobooka ndi yopepuka, ufa wake unadyedwa kale, ndipo mabowowo ndi khomo la nkhungu. Cha chimera ndiye ayi ndithu, chifukwa njere yodyedwa mtima simera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wofulula mowa amagula mbewu za mitundu iwiri, ndipo sizigulidwa mofanana. Pali mbewu ya phala, imene ntchito yake ndi kupereka ufa basi. Imeneyi ndiyo yambiri, ndipo ndi pamene muyenera kulimbana ndi mtengo. Chimanga chilichonse chouma, choyera, chopanda nkhungu chikwanira, kaya n'chamakolo kaya cha haibulidi. Ndiye pali mbewu ya chimera, imene iyenera kukhala yamoyo. Njere ikayamba kumera imatulutsa mphamvu yosungunula phala lolimba n'kulisandutsa lotsekemera, ndipo kutsekemerako ndi kumene kumasanduka ukali wa mowa. Njere yakufa ilibe mphamvu imeneyi. Imangonyowa pamulu n'kuyamba kuvunda, n'kuvunditsanso zinzake.

Tiyerekeze kuti mwapeza matumba awiri a mawere a makilogalamu 50. Loyamba ndi lotsikirako mtengo koma pa njere 100 zikumera 60. Lachiwiri ndi lokwererako koma zikumera 95. Mukatenga loyambalo, mudzafunika kuthira chimera chochuluka kwambiri kuti mgolo womwewo upse bwino, ndipo mwina mowa udzatulukabe wozizira, wa fungo la chivundi. Makasitomala sadzakuuzani, adzangosamukira kwa mnzanu. Thumba lotchipa ndi lomwe lamera.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Gulani kambale kamodzi kaye. Werengani njere 100 osasankha zokongola zokha, ziikeni pa kansalu konyowa, kapindeni, n'kukaika m'mbale yovundikira pamalo opanda dzuwa. Muzikawaza timadzi m'mawa ndi madzulo kuti kasaume. Pakatha masiku atatu kapena anayi tsegulani muwerenge zimene zatulutsa kamuzu koyera. Zikafika 90 kapena kupitirira, gulani thumba. Zikachepera 80, zisiyeni. Vuto ndi loti misika yambiri yakumidzi imakhala kamodzi pa sabata, choncho tengani nambala ya wogulitsayo, mumuuze kuti mudzabwera tsiku la msika lotsatira, ndipo pobwerapo onetsetsani kuti ndi thumba lomwelo. Mawere ali ndi vuto linanso: ambiri amapunthira pansi, ndiye amabwera ndi mchenga. Tapani dzanja limodzi kuchokera pansi pa thumba, osati pamwamba, muthire m'botolo loyera la madzi n'kukhutchumula. Mankhusu ayandama, mawere akhala pakati, mchenga ukhazikika pansi penipeni pooneka ndi maso. Mchenga ukachuluka ndiye kuti mukuulipira pa mtengo wa mawere.

Tsopano za nthawi. Mtengo wa mbewu kuno kwathu umatsika anthu akangokolola, kuyambira Meyi mpaka Julaye, ndipo umakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha. Amene amagula chimera cha m'timbale mu Febuluwale amalipira mtengo wa njala, phindu la venda, phindu la womeretsa, kuphatikizapo tikiti ya msika. Ine ndimakonda Juni ndi Julaye kusiyana ndi Epulo. Chimanga cha mu Epulo chimaoneka chotchipa chifukwa ndi chachiwisi: mumagula madzi, chikauma thumba limaphwa, ndipo mukachitsekera chisanaume chimachita nkhungu. Lumani njere. Youma imathetheka ndi kaphokoso, yachiwisi imangophwanyika. Njira ina ndi kuika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, kutseka, kukhutchumula n'kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume.

Kumbukiraninso kuti zaka sizifanana. Mu 2023 tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi, kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. M'zaka zotere kutsika kwa pokolola kumakhala kochepa ndipo sikukhalitsa, choncho amene ali ndi kandalama m'manja asadikire kuti mwina zitsikanso.

Za malo. Poti muli ku Lilongwe, chimanga simufunika kuchitsata kutali. Mitundu, Nsundwe, Mponela ndi misika ya ku Mchinji ili pafupi, ndipo chimanga chimene mumagula mumzinda chimachokera komweko. Mawere ndiwo ofuna ulendo. Amalimidwa kwambiri kumpoto, ku Chitipa ndi Mzimba, komanso kumapiri a Dedza ndi Ntcheu. Kwa inu, Jenda pa msewu wa M1 ndi malo oyamba kufunsako, ndipo mbali ya kumwera yesani Chimbiya ndi Lizulu. Mapira ambiri ali ku Chigwa cha Shire, ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Kwa owerenga a ku Blantyre amenewo ndiwo apafupi, koma kwa inu a ku Chinsapo mtengo wa galimoto udzadya zonse zimene mwapulumutsa, pokhapokha mutakhala ndi wachibale woyenda msewu umenewo. Musadalire ADMARC pa mawere. Ikakhala ndi katundu imakhala ndi chimanga, ndipo nthawi ya njala amagulitsa mopimira kuti mabanja adye nsima.

Powerengera mtengo musaiwale ulendo wanu wopita ndi wobwera, malipiro a thumba lililonse pa minibasi kapena lole, ndi anyamata onyamula. Thumba limodzi silingabweze zonsezi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa ofulula atatu kapena anayi a dera limodzi kusonkherana, kapena kutenga ngongole ku banki m'khonde mu Meyi, n'kutuma munthu mmodzi wodziwa mbewu. Wogula matumba khumi amanenerera mtengo mwamphamvu kuposa wogula limodzi. Choposa zonse ndi kupeza mlimi weniweni n'kumangana naye ubale. Mumulipire mwachilungamo, mosapita pansi pa mitengo imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka, ndipo chaka chamawa adzakusungirani mawere opunthira pa mphasa. Ndalama za pafoni musatumize kwa munthu amene simunamuonepo, ngakhale atakutumizirani zithunzi za matumba pa WhatsApp.

Tengani ndowa yanu, kapena kasikelo kanu kolendewetsa. Mavenda ena ali ndi ndowa ziwiri, yotukumula yogulira kwa mlimi ndi yoponderezedwa kunsi yogulitsira inu. Itembenuzeni muone pansi pake. Mbewu yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, yotsala pa nthawi yodzala, ndi ya kumunda basi. Ili ndi mankhwala akupha ndipo kutsuka sikuthandiza. Funsaninso ngati chimanga anathira Actellic ndiponso liti.

Walira mvula walira matope: mukagula zambiri, kusunga kwakhala kwanu. Mwayi wake mawere savuta, njere zake n'zazing'ono moti anankafumbwe sazikonda, ndipo akauma bwino amakhala zaka. Chimanga ndi mapira ndizo zimafumbwa msanga. Matumba a PICS, aja a mapepala awiri apulasitiki mkati, amapha tizilombo posowetsa mpweya popanda mankhwala, bola mbewu ikhale youma ndipo mumange pepala lililonse palokha. Sanjikani matumba pa matabwa, atalikirane ndi khoma, ndipo makoswe asafike chifukwa kabowo kamodzi kathetsa ntchito ya thumbalo.

Chimera chambiri meretsani pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, pamene dzuwa lingachiumitse msanga. Cha m'dzinja chimachedwa kuuma, ndipo chimera chonyowa ndi kumene nkhungu imakonda kwambiri. Yanikani mopyapyala pa mphasa kapena pa lona, osati padothi, ndipo muzichitembenuza. Chikauma sungani chosagaya, muzigayitsa chokwanira mgolo umodzi. Musadabwe kuona kuti makilogalamu 50 a mawere sabweza makilogalamu 50 a chimera, chifukwa njere imadya ufa wake pomera. Mukameretsa mapira, fikisani chimeracho m'manja chikauma n'kupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke, poti mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni. Ngati mawere achepa, sakanizani ndi chimera cha chimanga, koma mawere asasowe chifukwa ndi amene ali ndi mphamvu zambiri zosungunula phala.

Poti aka ndi koyamba kumeretsa nokha, musaviike thumba lonse. Yambani ndi ndowa imodzi, mufulule mgolo umodzi, ndipo muufanizire ndi uja wa chimera cha pamsika. Lembani m'kabuku zimene mwawononga pa mgolo uliwonse, kuphatikizapo nkhuni ndi chigayo. Mukatero mundilemberenso mundiuze kuti pa njere 100 zija zinamera zingati ndiponso munazigula kuti, chifukwa alipo owerenga ena a ku Lilongwe amene akufuna kudziwa msika umene uli ndi mawere abwino chaka chino.