Yankho: Kodi ndere za ku Chilwa zingachize chilonda?

Achimwene, mwafunsa ngati ndere zobiriwira zoyandama pa nyanja ya Chilwa mungapake pachilonda, poti mwamva kuti akatswiri akupezamo mankhwala. Chonde musatero.

Zimene mwamvazo zili ndi maziko. Zambiri mwa nderezi ndi tizilombo totchedwa cyanobacteria, ndipo timapanga timadzi todzitetezera kwa tizilombo tinzake. Mu 1984 akatswiri a ku Hawaii anapeza mankhwala otchedwa hapalindole m'mtundu wa cyanobacteria wotchedwa Hapalosiphon, ndipo poyesa mu labotale ankapha mabakiteriya. Kafukufukuyu ndi wofunika kwambiri, chifukwa mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda amene sakumvanso mankhwala. Komabe mpaka lero palibe antibayotiki wochokera m'nderezi amene wavomerezedwa m'zipatala.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti tizilombo tomweti timatulutsanso poizoni wotchedwa microcystin, amene amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumuthetsa. Mu 1996 ku Caruaru, m'dziko la Brazil, odwala impso ambiri anamwalira atatsukidwa magazi ndi madzi okhala ndi poizoniyu.

Ngati chilondacho chikutuluka mafinya, pitani nacho kuchipatala cha Zomba Central msanga.